NZERU ZA MAKINA: Kodi Kankhokwe ka Kompyuta Yotsika Mtengo Kakwanira?

Nyengo yogulitsa dzinthu ikafika, ndalama zambiri zimacoka m'midzi ya ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi kulinga ku Lusaka. Zina mwa ndalamazo ndi za makolo amene ana ao ali pa maphunziro apamwamba, ndipo anawo atuma mau pa lamya kuti aphunzitsi afuna wophunzira aliyense akhale ndi kompyuta yonyamula m'manja, imene ambiri aicha laputopu. Motero mlimi amagulitsa matumba a nshawa kapena mpendadzuwa, natumiza ndalama kwa mng'ono wake wa m'tauni kuti akagulire mwana makinawo.

Ambiri a ophunzira otere amakhala ku Kaunda Square, komboni ya kum'mawa kwa mzinda pafupi ndi mseu wa Great East, cifukwa si kutali ndi University of Zambia ndi masukulu a zaumoyo a ku Chainama. Mbale wotumidwayo amakwera basi kunka m'tauni, napeza malaputopu ogwirapo kale nchito ocokera kunja ali ndandanda m'masitolo. Wogulitsa amayatsa imodzi, ndipo isanathe mphindi yayamba kugwira nchito. Amanena kuti liwiro limeneli ndi cifukwa ca SSD imene iri m'kati. Mtengo uli wotsika, ndalama ya nshawa ikwanira, ndipo malonda atha.

Bvuto limaoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu. Makina aja amayamba kudandaula kuti malo atha, amakana kusunga zolemba, ndipo nthawi zina izi zimacitika usiku wakuti m'mawa mwake mwana apereke nchito kwa aphunzitsi. Wogulitsa sananame, pakuti SSD irimodi. Cimene sicinafunsidwe ndi kukula kwake. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kompyuta iriyonse iri ndi cosungiramo, cimene cingayerekezedwe ndi nkhokwe ya pakhomo. Cosungiramo cakale, cochedwa hard disk, ciri ndi timbale tozungulira nthawi 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono koyenda pamwamba pake kowerenga ndi kulemba. Coyamba ca mtundu umenewu cinapangidwa ndi kampani ya IBM ku America m'caka ca 1956. Cinali ndi mbale 50, cinalemera ngati tani imodzi, koma cikanadzala ndi cithunzi cimodzi kapena ziwiri za lamya ya masiku ano. SSD iribe cozungulira ciriconse, imasunga zinthu m'tizipangizo ta magetsi monga mwa fulashi. Ndiye cifukwa cake iri yofulumira, siionongeka msanga ndi kugwedezeka kwa basi pa mseu wa mabampu, ndiponso siidya batire kwambiri. Ubwino wotsirizawu unaoneka m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Koma popeza SSD inali yokwera mtengo, malaputopu ambiri ochipa anapangidwa ndi yaing'ono.

Kukula kwa cosungiramo kumayesedwa ndi magigabaiti, amene alembedwa mwacidule GB. Gigabaiti imodzi isunga zithunzi za pa lamya mazana angapo, kapena kanema wa ola limodzi. Pano pali cinthu coyamba codabwitsa. Opanga SSD amawerenga ndi 1,000 koma Windows imawerenga ndi 1,024, kotero SSD yolembedwa 32 GB imaoneka ngati 29, ya 64 imaoneka ngati 59, ya 128 ngati 119, ndipo ya 256 ngati 238. Palibe waba kanthu, kusiyana kuli pa kawerengedwe cabe, koma wogula ayenera kudziwa kuti nambala ya pa bokosi si imene adzaipeza.

Cinthu caciwiri ndi cakuti nkhokwe imeneyi siifika yopanda kanthu. Muli kale mwini khomo, ndiye pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, imene amisiri aicha operating system. Popanda iyo kompyuta iri ngati ngolo yopanda ng'ombe. Yofala kwambiri m'Zambia ndi Windows ya kampani ya Microsoft, ndipo njala yake ya malo yakhala ikukula. Pamene Windows 10 inatuluka m'caka ca 2015, inafuna malo osacepera 16 GB kapena 20 GB, malinga ndi mtundu wa makina. M'caka ca 2019 kampaniyo inakweza muyeso umenewu kufika pa 32 GB pa makina atsopano. Windows 11, imene inatuluka pa 5 October 2021, ifuna cosungiramo cosacepera 64 GB. Ndipo pa 14 October 2025 Microsoft inaleka cithandizo ca masiku onse ca Windows 10, kutanthauza kuti makina otsalira pa iyo amanka nakhala posatetezeka ku mavairasi.

Masamu ake ali motere. Windows 11 ikangoikidwa, pamodzi ndi mafaelo ake othandizira, imatenga malo a pakati pa 20 ndi 30 GB. Imapatulanso pafupi-fupi 7 GB kuti ikhale ndi pogwirira nchito pamene ilandira zokonza zatsopano kudzera pa intaneti. Pulogalamu ya Microsoft Office, imene wophunzira alembera nchito zake, ifuna 4 GB. Pa SSD ya 64 GB, imene kweni-kweni iri 59, mwana amatsala ndi malo osapitirira theka, asanaikemo buku, cithunzi kapena kanema wa phunziro ngakhale mmodzi. Pa ya 32 GB masamuwo sayamba n'komwe.

Komanso Windows siikhala pa msinkhu umodzi. Mwezi ndi mwezi imalandira zokonza, ndipo pamene isintha kwakukulu imasunga yakale yonse m'cikwama cochedwa Windows.old kwa masiku 10, kucitira kuti zinthu zikalakwika munthu abwerere. Pa masiku amenewo m'nkhokwe muli eni khomo awiri. Ngati malo palibe, kukonzako kumalephera pakati, ndipo bandulo imene mwana anagula ndi ndalama ya ndiwo yapita pacabe.

SSD nayo siikonda kudzala. Siingathe kulemba pamwamba pa zakale mwacindunji, iyenera kuyamba yasamutsa zimene zifunika, ndi kufafaniza cigawo conse, kenaka ndi kulemba. Mai aliyense adziwa kuti licero likadzala mpaka m'milomo silipeteka, pafunika mpata woti mphale idumphe. Ndi cifukwa cake amisiri amalangiza kusiya gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kuposerapo, lopanda kanthu. SSD yodzala imataya liwiro lija limene linakopa wogula m'sitolo.

Tsono yankho la funso la mlungu uno ndi ili. SSD ya 32 GB siikwanira Windows ya masiku ano. Ya 64 GB ikwanira mothinana, ndipo mwini wake adzakhala wofafaniza zinthu mlungu uliwonse. Ya 128 GB ikwanira wophunzira wodziletsa, amene asunga nyimbo ndi makanema kwina. Ya 256 GB ndiyo ipatsa mtendere kwa zaka zonse za maphunziro. Kholo limene liri ndi ndalama zocepa licita bwino kusankha laputopu yosaoneka bwino kunja koma ya SSD yokulirapo, kusiyana ndi yonyezimira ya kankhokwe kakang'ono.

Wotumidwa kukagula asacite manyazi kufunsa. Anene mwaulemu kuti, "Pepani bambo, tatsegulani This PC tione kukula kwa C ndi malo amene atsala." Pamenepo nambala zonse ziwiri zimaoneka poyera. Asasokonezeke wogulitsa akachula 4 GB kapena 8 GB, pakuti imeneyo ndi RAM, malo ogwirirapo nchito kwa kanthawi, monga mphasa yoyanikapo ufa imene imayalulidwa madzulo. Nkhokwe ndi ina. Funso lina lofunika ndi lakuti, "Kodi cosungiramo cimeneci cingacotsedwe ndi kuikapo cacikulu?" Malaputopu ambiri ang'ono-ang'ono a 32 GB ndi 64 GB ali ndi mtundu wochedwa eMMC, umene unamatidwa ku thupi la makina ndipo sucoka. Koma ngati iri SSD yomangidwa ndi kasikuluwu, mmisiri angaisinthe caka camawa ndalama zikapezeka, laputopu niikhala yomweyo. Pomaliza, wogula atenge risiti yolembedwa kukula kwa SSD.

Nanga banja limene lagula kale yaing'ono litani? Ndalama sizinatayike zonse. Coyamba, zithunzi, nyimbo ndi makanema zisamutsidwire pa fulashi, pa memory card kapena pa hard disk yolumikiza kunja. Kucita tero kumatetezanso zolemba za mwana ngati laputopu yabedwa kapena yagwa. Caciwiri, mu Windows muli kale cida cochedwa Disk Cleanup cimene cimasesa mafaelo osafunika, ndipo sicifuna malipiro. Cacitatu, mapulogalamu ndi masewera amene sagwira nchito acotsedwe.

Pali njira inanso. Windows siiri yokha pa dziko. Kuli Ubuntu, ya m'banja la Linux, imene inayambitsidwa m'caka ca 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzina lake ndi mau omwe aja amene m'Cinyanja ati umunthu, ndipo iperekedwa kwaulere, pamodzi ndi mapulogalamu aulere olembera ndi kuwerengera. Eni ake amalangiza malo a 25 GB, kotero ingalowe ngakhale pa 32 GB, ndipo pa 64 GB imasiya mpata wokwanira. Koma mwana ayambe wafunsa aphunzitsi ake, pakuti maphunziro ena afuna mapulogalamu oyenda pa Windows pokha. Ndiponso asanasinthe, akopere zolemba zake zonse pa fulashi, cifukwa kuika operating system yatsopano kumafafaniza zonse za m'kati.

Nkhani imeneyi siiri ya a m'tauni okha. Kuyambira caka ca 2014, pamene phunziro la makompyuta linalowa m'masukulu a sekondale a m'dziko muno, makina amenewa akhala akufika ndi ku midzi komwe, ndipo aphunzitsi, alembi a makopaletivu ndi anchito a zaumoyo amagula m'masitolo omwewo. Mlimi sagula ng'ombe asanaione mano, ndipo samanga nkhokwe asanayese munda wake. Thukuta la caka conse liyenera ulemu womwewo pamene lisanduka kompyuta.