Laputopu ya ku Vubwi musaiyese ya ku Kabulonga

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inatseka thandizo lanthawi zonse la Windows 10. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ndipo malaputopu ambiri a salaula amene tinagulira abale athu kumudzi alibe zimenezo. N'chifukwa chake ambiri a ife tikamapita ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi pa holide, m'thumba mumakhala flashi ya Linux Mint kapena Ubuntu. Mpaka apo tilibe mlandu. Mlandu wathu umayamba tikamaliza kuikamo.

Timatenga foni n'kusaka mndandanda wa mapulogalamu amene akuti "aliyense ayenera kukhala nawo", wolembedwa ndi munthu wa intaneti yosawerengera. Spotify, Discord, Steam, Dropbox, zonse mbwee. Kenako timakwera basi kubwerera ku Lusaka tikudzimva ukatswiri, pamene alongo athu, aphunzitsi a ku Vubwi, tawasiyira makina odzaza zinthu zimene sizitseguka popanda netiweki. Lolemba akufuna kusindikiza mayeso a ana, purinta siyankha, ife foni tazimitsa. Anzathu, uku n'kudzionetsera pogwiritsa ntchito laputopu ya eni ake.

Vubwi inapatulidwa ku Chadiza mu 2012, ili m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo kumeneko bando ya MTN kapena Airtel amaigula atawerengera kaye za sopo ndi mchere. Malaiti nawonso tikuwadziwa: mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, ngakhale ife a m'tauni tinkagona mu mdima. Funso loyamba pa pulogalamu iliyonse likhale ili: kodi igwira ntchito netiweki itathawa, batire itatsala theka?

Choyamba ndi cholembera. Linux Mint imabwera kale ndi LibreOffice, yaulere, yopanda kiyi yoba. Koma tisaisiye mmene yabwerera. Mwachibadwa imasunga mafayilo mu .odt, pamene kwa ahedi ndi ku ofesi ya DEBS amayembekezera .docx ndi .xlsx. Kusintha zimenezi ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma tikaiwala, alongo athu ndi amene adzachite manyazi fayilo ikasokonekera pamaso pa akuluakulu awo. Palinso nkhani ya zilembo imene ambiri sitiiganizira. Pepala lolembedwa mu Calibri likatsegulidwa pa makina opanda Calibri, mizere imasuntha, funso lomaliza n'kugwera pa tsamba lachiwiri. Pa kalasi yonse ndiye kuti mapepala awirikiza, ndipo ndalama ya rimu kawirikawiri imachoka m'thumba la mphunzitsi. Mankhwala ake ndi zilembo zaulere zotchedwa Carlito, zimene muyeso wake ndi wofanana ndi Calibri. N'zazing'ono kwambiri, komabe m'mindandanda yathu yapamwamba ija simuzipeza.

Chachiwiri VLC ndi makodeki, kuti mavidiyo a pa flashi, a phunziro ngakhale a ukwati, aziseweredwa. Ikani mukadali pa Wi-Fi ku Chipata. Purinta nayonso ilumikizeni ndipo musindikize tsamba limodzi ndi maso anu musanatsanzike.

Chachitatu ndi chimene chimatipweteka mtima tikaona chasiyidwa: Kiwix. Pulogalamu imeneyi imatsegula Wikipedia yonse, kapena zigawo zake monga masamu, sayansi ndi zachipatala, popanda intaneti n'komwe. Mumakopera kamodzi m'tauni, mwana wa ku Vubwi n'kumawerenga chaka chonse osagula bando. Kolibri imachitanso chimodzimodzi ndi maphunziro a mavidiyo. Ife amene tili ndi Wi-Fi ya kuntchito kapena ya ku koleji timathera usiku kukopera mafilimu a magawo makumi awiri, koma malo a Wikipedia pa hadi disiki akuti palibe. Tidzifunse bwino.

Ngati makinawo ali ndi RAM ya 4GB, sankhani Mint ya Xfce, yopepuka. Muchenjerenso ndi mapulogalamu a Flatpak: kapulogalamu kakang'ono kangakoke mamegabaiti mazanamazana pa ulendo woyamba, bando ya sabata n'kuthera pomwepo.

Tikudziwa ena ayankha kuti bwanji osangoika Windows yothyola ndi Office yothyola, monga amachitira anyamata a pa msika. Tonse tinaona mathero ake: uthenga wofuna kiyi ukutuluka pakati pa ntchito, ndi kavairasi kaja kosandutsa mafoda onse a pa flashi kukhala mashotikati. Kameneko pa Linux sikathamanga. Flashi imene yazungulira masitafurumu atatu mungaitsegule mtima uli m'malo.

Pamene otsutsawo akunena zoona ndi pa mwana wa sukulu. Ambiri tikukumbukira 2015, mayeso oyamba a Computer Studies a giledi 9, ana akudikira mpaka usiku chifukwa makompyuta anali ochepa. Mwana wotere akafika pa makina a sukulu nthawi zambiri apeza Word ndi Excel, ndipo mabatani ake sali pamalo amodzi ndi a LibreOffice. Tisamunamize kuti n'zofanana ndendende. Timusinthire maonekedwe a LibreOffice akhale a matabu, oyandikira a Word, ndipo tikhale naye madzulo amodzi tikumuonetsa kuti fomula ya SUM ndi yomweyo kulikonse.

Madzulo amodziwo ndi amene timawakana, chifukwa tathamangira kukaona anzathu ku boma. Ngati tilibe nthawi yokhala pansi ndi mwini laputopu, kumulembera pasiwedi papepala ndi kumusiyira flashi yoikira ija kuti ikadzavuta wina adzamuthandize, ndi bwino tiisiye ndi Windows 10 yake mpaka holide ya Epulo.