Gitala ya pacithunzi siilira: cenjerani ndi malonda abodza a pa foni

Caka ndi caka, cimanga cikagulitsidwa ndipo a FRA akalipira alimi, makwaya a m'nthambi za maparishi athu kuno ku Chongwe amayamba kukamba za zoimbira. Ena afuna kiyibodi, ena masipika, koma acinyamata ambiri mtima wao uli pa gitala ya besi. Kale anthu awiri anali kukwera basi ndi ndalama m'thumba kukaona katundu m'masitolo a ku Lusaka. Lero mnyamata angotulutsa foni pamsonkhano ndi kuonetsa cithunzi ca pa Facebook kapena pa WhatsApp, nati: "Iyi ndi Fender yeniyeni, mwini wake afuna K3,000 cabe." Mbava zimalowera pomwepo, ndipo ndalama yotayika imakhala ya matumba a cimanga ndi nkhuku zimene amai a mumpingo anapereka.

Kukonda besi si cacilendo kwa ife. Nyimbo za kalindula zinakulira pa babatoni, coimbira cacikulu copangidwa pamudzi, ndipo oimba monga PK Chishala ndi a Amayenge anatengera kamvekedwe kameneko pa magitala a magetsi. Magulu a Zamrock a m'zaka za m'ma 1970, monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, nawonso anachukanso kunja pamene kampani ya Now-Again ya ku America inayamba kutulutsanso nyimbo zao. Koma ambiri a ife sitidziwa kuti kunja kuli msika waukulu wa zoimbira zakale, umene uli ndi mitengo yake ndiponso akuba ake.

Kampani ya Fender inatulutsa Precision Bass mu 1951 ndi Jazz Bass mu 1960. Mu 1965 Leo Fender anagulitsa kampaniyo kwa a CBS, ndipo magitala opangidwa cisanafike caka cimeneco ndiwo amene osonkhanitsa zakale amalimbirana, kulipira madola zikwizikwi pa imodzi. Tsono tidzifunse: munthu amene ali ndi cinthu cotere, ndipo ali ndi intaneti yoonera mitengo, angacigulitse bwanji pamtengo wa mbuzi zowerengeka? Mtengo wotsika kopitirira ndiwo cizindikiro coyamba ca cinyengo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cinyengo cofala kwambiri ndi cakuti gitalayo kulibe. Wakuba amatenga cithunzi pa misika ya kunja monga eBay kapena Reverb, ndi kuciika patsamba lake ngati katundu wake. Mukafunsa, akuti katundu ali ku Nakonde kapena ku Johannesburg, tumizani theka. Mukatumiza, mawa akuti a ZRA agwira katundu, pafunika ya msonkho. Mkuja akuti kondakitala afuna yonyamulira. Popeza mwataya kale, mumaonjezera kuti zoyambazo zisapite pacabe, mpaka tsiku limene nambala ileka kupezeka.

Cina ndi cakuti gitala ilipo koma dzina lake ndi lonama. Mu November 2024 akuluakulu a kasitomu ku America analengeza kuti agwira magitala abodza oposa 3,000 olembedwa Gibson padoko la Los Angeles, amene akanakhala enieni akanaposa madola 18 miliyoni. Ena amatenga Squier, gitala yochipa ya kampani ya Fender yomweyo, ndi kumata dzina la Fender pamutu pake. Squier payokha ndi yabwino ndipo ingatumikire kwaya zaka zambiri. Colakwa ndi kuigula pamtengo wa cinthu cina.

Palinso okushoni yabodza, kumene akuti wochula mtengo wapamwamba ndiye atenga katundu. Wogulitsa amakhala ndi anzake, kapena maina ena a iye mwini, amene amakweza mtengo kuti inu mupse mtima ndi kupitiriza kupikisana. Mukalephera, uthenga umabwera wakuti wopambana uja wabwerera m'mbuyo, mwai ndi wanu, koma lipirani lero lomwe kunambala yakuti. Aliyense wokucotsani pamsika pamene munaona katundu ndi kukutengerani kumbali, afuna kuti pasakhale mboni.

Ndipo nthawi zina gitala ndi yeniyeni koma ndi yakuba. Besi ya Höfner imene Paul McCartney wa gulu la Beatles anagula ku Hamburg mu 1961 inabedwa ku London mu 1972, ndipo nkhani yakuti yapezeka inamveka mu February 2024, patapita zaka zoposa 50. Kuno kwathu machalichi amathyoledwa ndipo zoimbira zimatengedwa. Kwaya yogula mosafunsa ingapezeke iimbira Mulungu ndi katundu wa mpingo wina, pamene kulandira katundu wakuba ndi mlandu m'malamulo a Zambia.

Tisaganize kuti onse ocita zimenezi ndi anyamata osowa cocita. Mu April 2024 a Drug Enforcement Commission ndi apolisi analowa pakampani ina ku Roma mu Lusaka, nagwira anthu 77 ndi kupeza masimu kadi oposa 13,000. Mu June caka comweco khoti linalamula anthu 22 ocokera kunja, ambiri a iwo a ku China, kukhala m'ndende zaka za pakati pa 7 ndi 11. Iwo sanali kugulitsa magitala, koma mlanduwo utionetsa kuti kuba kwa pa foni ndi nchito yokonzedwa, ndipo nambala ya foni si umboni wakuti munthu alipo.

Nanga ticite ciani? Coyamba, pemphani wogulitsa kuti muonane pa vidiyo, agwire gitalayo, aiimbe, ndipo aike pambali pake pepala lolembedwa tsiku la lero ndi liu limene inu mwasankha. Wokhala ndi katundu sakana. Amene alibe adzati netiweki yabvuta kapena kamera inafa. Caciwiri, funsani nambala ya gitala. Pa Fender za ku America nambala inali pakacitsulo ka kumbuyo kolumikiza khosi ndi thupi, ndipo kuyambira mu 1976 inasamukira pamutu. Nambala ikasemphana ndi caka cimene wogulitsa anena, siyani. Cacitatu, acinyamata aike cithunzico pa Google Lens. Cikapezeka pasitolo ya ku London kapena ku Tokyo, nkhani yatha. Cacinai, onani tsamba la wogulitsa: ngati ndi latsopano, lasintha dzina, kapena dzulo linali kugulitsa feteleza ndi matayala, samalani. Cacisanu, potumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa MTN MoMo dzina la mwini nambala limaoneka. Likasiyana ndi la wogulitsa, musamvere zakuti ndi ya mlamu wake.

Koma zonsezi ndi zothandizira cabe. Lamulo lalikulu ndi limene mlimi aliyense adziwa: ng'ombe sitigula tisanaione mano ndi mayendedwe ake. Lusaka ili pamtunda wa makilomita ngati 45 kucoka pa boma la Chongwe. Ndalama ya basi ya anthu awiri, mmodzi wodziwa kuimba ndi wina wosunga cuma, ndi yocepa poyerekeza ndi zopereka za caka conse. Akumane ndi wogulitsa masana, poyera, ailumikize gitalayo ku sipika, alembe citupa ca wogulitsa ndi kulandira lisiti.

Ogulitsa nawonso acenjere. Ngati m'nyumba kapena m'sitolo ya parishi muli gitala kapena malekodi akale, musafulumire kupereka kwa mlendo. Ena amatumiza uthenga wonama wooneka ngati ndalama zalowa, ena akuti atumiza zopitirira, mubweze. Yang'anani balansi nokha, ndipo PIN musauze munthu.

Amene waberedwa asabise cifukwa ca manyazi, pakuti manyazi athu ndiwo amasunga mbava. Aimbire kampani ya foni nthawi yomweyo, asunge mauthenga onse, akanene kupolisi, ndipo apereke nambalayo kwa a ZICTA kudzera pa *707#. Mu April 2025 dziko linalandira malamulo atsopano awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, m'malo mwa lamulo la mu 2021. Komabe lamulo limafika ndalama itatapidwa kale pabuthi, ndipo kuibweza n'kobvuta.

N'cifukwa cake tipempha makomiti a makwaya, mabungwe a parishi ndi makopaletivu a alimi kuti alembe m'mabuku ao mfundo imodzi: ndalama ya gulu isatuluke munthu wa gulu asanagwire katundu ndi manja ake. Mfundo imeneyi igwire pa gitala, pa mbeu, pa feteleza ndi pa pampu ya madzi. Wogulitsa akati fulumirani ena afuna, muyankheni kuti awagulitse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.