Handibuleki ikakanirira, mphamvu si mankhwala

Handibuleki, buleki yogwira galimoto pamene yaima, ndi chipangizo chimene oyendetsa ambiri sachikumbukira kufikira tsiku limene chakana kumasuka, ndipo tsikulo kawirikawiri limagwa m'dzinja, pakati pa Novembala ndi Epulo, galimoto ikagona masiku angapo itanyowa kunsi. Ambiri zikatero amawonjezera moto kuti galimoto ichoke mokakamiza, koma mchitidwe umenewu ndi womvetsa chisoni, chifukwa vuto limene likanatha ndi hamala ndi kuleza mtima limasanduka la matayala operepeseka ndi kilatchi yopsa.

Mabuleki opondedwa ndi phazi amadalira mafuta okankha mapisitoni, pamene handibuleki ya galimoto zambiri imagwira ntchito ndi kebulo, chingwe cha mawaya opotana chodutsa m'kapaipi kofewa kunsi kwa galimoto mpaka kumatayala akumbuyo. Chogwirira chikakokedwa, kachitsulo kakang'ono kamakola pa mano a chitsulo china kuti chisabwerere, ndipo kumatayala kuja kebulo imakankhira mashuzi, zitsulo ziwiri zopindika zokutidwa ndi chikhakha cholimba, kukhoma lamkati la dilamu, chitsulo chonga poto wovundikira chimene chimazungulira limodzi ndi tayala. Chofunika kumvetsa n'chakuti dzanja limamanga buleki koma siliimasula: kutsitsa chogwirira kumangolekerera chingwe, ndipo ntchito yobweza mashuzi imatsalira masipuling'i aang'ono, amene mphamvu yawo singapose dzimbiri kapena matope ouma.

Nthawi zina cholakwika chimakhala m'galimoto momwemo. Chogwirira chokokedwa mopyola muyeso chimapanikiza kachitsulo kaja kotero kuti batani la pa chogwiriracho silidinika, ndipo chimamasuka chikakokedwa m'mwamba pang'ono uku batani likudinidwa. Galimoto zambiri zogwirako kale ntchito ku Japan, monga Toyota Noah ndi Honda Freed, zili ndi handibuleki yopondedwa ndi phazi lamanzere, imene imamasuka poiponda kachiwiri, chinthu chimene chimasokoneza ozolowera chogwirira. Yamagetsi, yoyendetsedwa ndi timamotala, singamasuke batire likatha moto, choncho kumeneko n'koyenera kuyambira pa batire.

Vuto lofala kwambiri lili mu dilamu. Galimoto ikadutsa m'zithaphwi kapena ikatsukidwa n'kuimikidwa handibuleki itamangidwa, madzi otsala pakati pa mashuzi ndi chitsulo amabala dzimbiri limene limamata ziwirizi, ndipo kusowa kwa mafuta kumene kwakhala kukuchitika m'Malawi zaka zapitazi kwaimitsa galimoto zambiri nthawi yokwanira kuti zimenezi zichitike. Chizindikiro chake n'chakuti chogwirira chimatsika bwinobwino, nyali yofiira ya padashibodi imazima, koma galimoto ikayesa kuchoka imangonyonyomala kumbuyo. Choyamba kuyesa ndi kuigwedeza mofatsa, kulowetsa giya yopita kutsogolo kenaka yobwerera m'mbuyo kangapo, pamalo opanda anthu kapena khoma pafupi, popeza dzimbiri likathyoka pamamveka kuphulika ndipo galimoto imadumpha. Kuyesa kumeneku kuli ndi malire: galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo ili ndi mphamvu yokhwekhwereza tayala lakumbuyo losazungulira, ndipo mtunda waufupi pa tala ndi wokwanira kuliperepesa malo amodzi.

Kugwedeza kukalephera, galimoto ikwezedwe pa jeke pamalo athyathyathya, matayala akutsogolo atapingidwa ndi miyala kapena njerwa mbali zonse ziwiri. Kupingaku n'kofunika koposa pa mapikiapu ndi galimoto zina zokoka ndi matayala akumbuyo, chifukwa kumbuyo kukanyamuka giya ndi handibuleki zomwe zimaleka kugwira pansi, ndipo palibe munthu woyenera kulowetsa mutu kunsi kwa galimoto yodalira jeke yokha. Tayala likachotsedwa, dilamu imenyedwe ndi hamala mozungulira, pataikidwa thabwa pakati kuti chitsulo chisang'aluke ndiponso mabauti a tayala asaphwanyike mazinga, kufikira itayamba kutembenuka ndi manja. Ikakanabe, makaniko amabweza kachitsulo kosinthira kutalikirana kwa mashuzi podzera pa kabowo kamene kali pa dilamu kapena kuseri kwake, ntchito imene siyenera wongoyerekeza.

Kebulo nayo imagwidwa. Mphira wotseka kukamwa kwa kapaipi ukang'ambika, madzi ndi fumbi zimalowa, mawaya amachita dzimbiri n'kutupa, ndipo galimoto zochokera kumadera a chipale chofewa kumpoto kwa Japan, kumene misewu imathiridwa mchere, zina zimafika zitadyeka kale kunsi ngakhale kunja zikuwala. Kebulo ikagwidwa, chogwirira chimamveka cholobodoka, ndipo nthawi zambiri tayala limodzi lokha ndi limene limagwira. Mafuta omasulira dzimbiri, monga WD-40, angathandize pa mfundo za kebulo ndi pa kamkono kamene imakoka, koma asafike pa mashuzi kapena pa mapadi, popeza buleki yodzola mafuta sigwira. Kebulo imene yagwidwapo kamodzi idzagwidwanso, ndipo kuisintha n'kwanzeru kuposa kuinyengerera.

Choopsa kwambiri ndi buleki yomasuka mosakwanira, chifukwa galimoto imayenda ndipo mwini wake amakhulupirira kuti vuto latha. Mashuzi okhuza dilamu ulendo wonse amatentha kwambiri, kutenthako n'kufika ku mafuta a mabuleki. Mafuta a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 205, koma akayamwa chinyezi, monga amachitira akakhalitsa, angawire pa madigiri 140 okha, ndipo akawira chopondera chimalowa pansi popanda kugwira kanthu. Pa mtsetse wa Thabwa popita ku Chikwawa, wa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti kapena wa Chiweta, kumene mabuleki amakhala atatentha kale, zimenezi zimaika miyoyo pachiswe. Fungo la kupserera, galimoto yolemera pochoka, kapena limu imodzi yotentha kuposa inzake pambuyo pa ulendo waufupi, ndi zifukwa zokwanira zoimira pambali ndi kuitana makaniko.

Pali chizolowezi pakati pa oyendetsa galimoto za otomatiki chosiya giya pa P osakhudzanso handibuleki, mwina poopa kuti ingakanirire. Maganizo amenewa ndi olakwika mbali ziwiri: kebulo yosayenda ndiyo imachita dzimbiri msanga, ndipo P ndi kachitsulo kamodzi kokola m'giyabokosi, kamene sikayenera kusenza kokha kulemera kwa galimoto pa zitunda za ku Blantyre kapena ku Zomba. Handibuleki iyenera kumangidwa ndi kumasulidwa tsiku ndi tsiku galimoto ikamayenda. Koma ikakhala yoti iima masabata, makamaka m'dzinja, ndi bwino kuti iyambe yaumitsidwa mabuleki poyenda pang'onopang'ono uku akupondedwa mopepuka, kenaka iimikidwe pamalo athyathyathya, isiyidwe m'giya kapena pa P, matayala apingidwe, ndipo handibuleki ikhale yomasula.