Luangwa: Kukwirira Mbeu Zobwezera Nthaka Kusaononge Cinyontho

Pa 29 February 2024, mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, pambuyo pakuti mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga anapserera m'minda. Kwa alimi a m'boma la Luangwa, lodziwika kale ndi dzina lakuti Feira, cilala si cacilendo. Dera limeneli, pomwe mtsinje wa Luangwa uthira mu Zambezi, lili m'cigawo colandira mvula yosapitirira mamilimita 800 pa caka, ndipo dzuwa la m'cigwa liumitsa nthaka msanga.

Popeza fataleza ndi wokwera mtengo, alangizi a zamalimidwe alimbikitsa kubzala mbeu zobwezera nthaka monga kalongonda, khobwe ndi nandolo. Mizu ya mbeuzi ili ndi timabulunga tosunga nayitrojeni wocokera mu mpweya, cakudya comweco cimene mlimi agula m'thumba la Urea. Funso lagona pa zimene mlimi ayenera kucita mbeuzo zikakula: kodi azikwirire m'nthaka, kapena azidule ndi kuzisiya pamwamba?

Kumadera a mvula yambiri kukwirira kuthandiza, cifukwa masamba aola msanga. Ku Luangwa nkhani ndi yosiyana. Nthaka ikatembenuzidwa, cinyontho ca pansi cituluka ndi kuuma padzuwa. Komanso masamba auwisi okwiriridwa mu March kapena April ayamba kuola miyezi yambiri cimanga cisanabzalidwe, ndipo mvula yoyamba ingakokolole nayitrojeni kupita pansi pomwe mizu yaing'ono siifika. Mapesi ouma a cimanga kapena mapira ali ndi vuto lina: akakwiriridwa, tizilombo toolesa titenga nayitrojeni wa m'nthaka, ndipo mmera ucita cikasu.

Mbeu zobwezera nthaka nazonso zimwa madzi. Mlimi wozibzala pakati pa cimanga ayenera kudikira kuti cimanga ciyambe cakula, makamaka ngati ndi kalongonda amene ayanga ndi kugwetsa mapesi.

Bungwe la Conservation Farming Unit, lomwe linayamba nchito m'dziko muno mu 1996, laphunzitsa alimi ambiri njira ina: kusiya zotsalira pamwamba ndi kukumba maenje akuya masentimita 20 pobzala pokha. Bungwe la FAO likuti zinyalala ziphimbe gawo losacepera 30 peresenti ya nthaka. Cophimba cimeneci cicepetsa kutentha, cipatsa madzi a mvula mpata wolowa pansi, ndipo ciola pang'onopang'ono pamene cimanga cikula. Amene afunabe kukwirira asakumbe mozama, ndipo acite zimenezi patatsala masabata ocepa kuti abzale.

Koma njira imeneyi siingatheke ndi mlimi mmodzi yekha. M'cilimwe mbuzi zimasulidwa ndi kudya zotsalira zonse, ndipo moto wa osaka mbewa utentha zimene zatsala. Apa ndiye pofunika mafumu a madera a Mburuma ndi Mphuka, pamodzi ndi nyakwawa zao, kugwirizana ndi alangizi pa malamulo oteteza minda pambuyo pokolola. Popanda zimenezi, mlimi adzasamala kalongonda nyengo yonse, koma mvula ya November idzapeza nthaka yake ili pambalambanda.