Makina a X-ray afika m'misika, koma chithunzi chokha sichigamula matenda

M'zaka zaposachedwapa takhala tikuona magalimoto a azaumoyo akuima m'misika ndi m'malo ena osonkhana anthu ambiri, atanyamula makina a X-ray ojambulira m'chifuwa. Munthu amalowa, natsamiritsa chifuwa pa chibolodi, nauzidwa kuti akoke mpweya ndi kuugwira. Pakangopita mphindi zochepa chithunzi chaoneka kale pa kompyuta. Chimene akufunafuna ndi chifuwa chachikulu cha TB, matenda amene, malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, anagwira anthu 10.8 miliyoni m'chaka cha 2023 ndi kupha anthu pafupifupi 1.25 miliyoni.

Pakati pathu alipo ena amene amawathawa makinawa poti amva kuti amayamwa magazi kapena kufupikitsa moyo. Aliponso ena, ndipo ife tikuona kuti ndiwo ochuluka, amene amawakhulupirira mopyola muyeso, kotero kuti akachoka kuchipatala osajambulidwa amati dokotala sanawathandize. Onsewa sanamvetse kuti chithunzi cha X-ray ndi mthunzi chabe.

M'kati mwa makinawa muli chubu chopanda mpweya. Magetsi amphamvu amathamangitsa tizinthu ting'onoting'ono totchedwa ma electron, timene timakaomba kachitsulo ka tungsten, ndipo pakuombanapo pamatuluka cheza chosaoneka ndi maso. Chezachi ndi cha mtundu umodzi ndi kuwala, kungoti mphamvu yake ndi yaikulu moti chimadutsa m'thupi. Sichidutsa mofanana ponseponse ayi. Fupa, popeza lili ndi kashiamu wambiri, limatchinga cheza chochuluka, choncho limaoneka loyera. Mapapo abwino ndi odzaza mpweya, cheza chimangopyola, ndipo amaoneka akuda. Mnofu, mafuta ndi madzi zimakhala zotuwa. Mmene tonje woyanikidwa pa dzuwa amasiyanira mthunzi wake ndi wa mtengo wa mbawa, momwemonso ziwalo zathu zimasiyana pa chithunzicho.

Amene anatulukira chezachi ndi Wilhelm Röntgen, katswiri wa sayansi wa ku Germany, pa 8 November 1895 mumzinda wa Würzburg. Anachitcha "X" chifukwa sankadziwa kuti n'chiyani. Masabata angapo pambuyo pake anajambula dzanja la mkazi wake, mafupa ndi mphete zikuonekera, ndipo mu 1901 analandira mphotho yoyamba ya Nobel pa sayansi ya physics.

Pa fupa lothyoka, X-ray imayankhula mosapita m'mbali: imaonetsa pathyoka, ndiponso ngati fupalo lakhala bwino atalimanga chikhakha. Imaonetsanso ndalama yachitsulo imene mwana wameza, dzino lobooka, mtima wokula mopyola, ndi madzi osonkhana m'chifuwa. Koma tikafika pa mapapo nkhani imavuta. Kachigamba koyera pamalo oyenera kukhala akuda kangathe kukhala TB, kangathenso kukhala chibayo, khansa, kapena chipsera cha TB imene munthu anachira kalekale. Abambo athu amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni, ena mwa iwo anabwerako ndi mapapo oonongeka ndi fumbi la miyala, matenda otchedwa silicosis, ndipo mithunzi yake imasokonezeka ndi ya TB. Komanso munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri chifukwa cha HIV angathe kukhala ndi TB chithunzi chake chikuoneka ngati chabwinobwino.

Ichi ndicho chifukwa chake wojambulidwa amauzidwanso kuti apereke makhololo. Makina a GeneXpert, amene WHO inawavomereza mu 2010, amafufuza kachilombo keniyeni m'makhololomo ndipo amatha kunena m'maola awiri ngati kaliko, komanso ngati kakukana mankhwala a rifampicin. X-ray imaloza amene tiyenera kumukayikira; makhololo ndiwo amatsimikiza.

Chatsopano n'chakuti mu 2021 WHO inalola kuti mapulogalamu a kompyuta aziwerenga zithunzi za m'chifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, m'malo mwa munthu. Kwa dziko ngati lathu, kumene madokotala odziwa kuwerenga zithunzizi ndi owerengeka ndipo ambiri ali m'zipatala zazikulu za m'mizinda, ichi n'chothandiza ndithu. Komabe tisakokomeze. Pulogalamuyo imangopereka nambala yosonyeza kuti chithunzicho chikufanana motani ndi cha wodwala TB. Sidziwa kuti munthuyo wakhosomola masabata angati, kaya akutuluka thukuta usiku, kaya anagwirapo ntchito mumgodi.

Za mantha aja, tinene zoona zake. Makinawa satenga kanthu m'thupi, ndipo cheza sichitsalira mwa munthu akangozimitsidwa. N'zoona kuti cheza chochuluka chimaononga maselo ndi kuonjezera mpata wa khansa, n'chifukwa chake wojambulayo, amene amagwira ntchitoyi tsiku ndi tsiku, amabisala kuseri kwa chotchinga cha mtovu. Koma chithunzi chimodzi cha m'chifuwa chimapereka cheza chosaposa chimene tonsefe timalandira kuchokera m'nthaka ndi mumlengalenga pa masiku khumi. Makina a CT scan, amene amajambula thupi mozungulira, amapereka chochuluka kuposa pamenepo, ndipo sayenera kupemphedwa mwachisawawa. Mayi woyembekezera, kapena amene akudzikayikira, anene asanajambulidwe.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi zimene zimachitika galimoto lija likachoka. Munthu wauzidwa kuti chithunzi chake chili ndi chokayikitsa, koma ngati makhololo ake sanatengedwe pomwepo, ayenera kupeza ndalama yoyendera kupita kuchipatala kumene kuli GeneXpert, n'kukapeza magetsi alipo ndi zipangizo zoyezera zisanathe. Akapezeka ndi TB, mankhwala ndi aulere m'zipatala za boma, koma ayenera kumwa miyezi 6 osadukiza, ngakhale kukhosomola kutaleka m'mwezi wachiwiri. Poyamikira ntchito ya magalimotowa, chiwerengero chimene tiyenera kufunsa kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma mwathu ndi cha anthu amene anayezetsa makhololo atajambulidwa, ndi amene anamaliza mankhwala.