Mawu a Pamphasa ya Wodwala: "Ndikadanena Msanga"

Abale ndi alongo amene mukuwerenga nkhani ino muli pabenchi kudikira kuti dzina lanu liitanidwe, ndiloleni ndikuuzeni zimene makutu anga akhala akumva pa ntchito yanga. Ine ndine woyendera zaumoyo. Anthu ambiri kuno ku Mua, ku Mtakataka ndi ku Golomoti amandidziwa monga bambo wovuta uja amene amasuzumira m'zimbudzi, kununkhiza nyama pamsika ndi kuthira mankhwala m'zitsime. Zimenezo n'zoona ndithu. Koma ntchito yomweyo imandilowetsanso m'nyumba za odwala mwakayakaya, pakuti munthu akapezeka ndi chifuwa chachikulu kapena kolera, ndiyenera kupita kwawo kukaona onse amene amagona naye nyumba imodzi. Motero pa zaka pafupifupi 20 ndakhala pambali pa mphasa zambiri, ndipo ena mwa eni mphasazo adatisiya patangopita masiku owerengeka.

Munthu akazindikira kuti ulendo wayandikira, amaleka kuzungulira polankhula. Ku Australia kuli mayi wina, dzina lake Bronnie Ware, amene adagwira ntchito yosamalira anthu otsala pang'ono kumwalira, nalemba buku la madandaulo awo. Ambiri a iwo ankadandaula kuti moyo wawo udathera pa ntchito, osapeza nthawi yocheza ndi ana ndi abwenzi. Kwathu kuno ine sindidamvepo mlimi akulira kuti adalima mopitiriza, kapena msodzi akudandaula kuti adakhalitsa panyanja. Dandaulo limene ndalimva kawirikawiri, kwa amuna ndi akazi omwe, kwa Akhristu ndi Asilamu omwe, ndi limodzi: "Ndikadanena msanga."

Taonani kuti sanena kuti ndikadapita msanga kuchipatala, ngakhale kuti mfundo yake imafika komweko. Iwo amadziwa pamene zinthu zidayambira kulakwika. Ulendo wa kuchipatala umayamba ndi pakamwa, pamene munthu auza mkazi wake, mwamuna wake kapena mbale wake kuti m'thupi mwanga muli chachilendo. Mawu amenewa akachedwa chaka chathunthu, miyendo nayo imachedwa chaka chathunthu.

Ife a ku Mua tiyenera kuizindikira nkhaniyi koposa anthu ena onse, kaamba ka mbiri ya malo athu ano. Ansembe achikatolika adafika pano m'chaka cha 1902, ndipo m'chaka cha 1927 padatsegulidwa malo osamalirako anthu odwala khate. Agogo athu akukumbukira anthu opanda zala amene ankachokera m'maboma akutali kudzakhala kumeneko. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti khate siliyamba ndi kuduka zala ayi. Limayamba ndi kachigamba kotuwa kapena kofiirira pakhungu, kosayabwa, kosapweteka, kamene mukakakhudza ndi thonje mwini wake samva kanthu. Popeza sikapweteka, ndipo popeza dzina la nthendayo linali lochititsa manyazi, munthu ankakaphimba ndi malaya kwa zaka zambiri. M'zaka zimenezo tizilombo tinkawononga mitsempha mwakachetechete, manja n'kuchita dzanzi, munthu n'kumapsa ndi moto kapena kubayidwa ndi minga osazindikira, zilonda n'kudya zala.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 pali mankhwala ophatikiza amene amachiza khate pa miyezi 6 kapena 12, ndipo ndi aulere. M'chaka cha 1994 dziko lathu lidafika pa mlingo wakuti khate silinalinso vuto lalikulu, koma silidatheretu, ndipo odwala atsopano akupezekabe. Wobwera ndi kachigamba amachira osatsala ndi chilema. Wobwera zala zitapita amachira nthendayo, koma zala sizimeranso. Nkhalamba ina ya m'mudzi wina kufupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe idandionetsa manja ake, niti: "Mwana wanga, zala izi sizidadyedwe ndi khate, zidadyedwa ndi malaya." Poyamba sindidamvetse, mpaka atandilongosolera kuti adavala malaya a manja aatali zaka zisanu, ngakhale m'chilimwe chotentha cha kuno kuchigwa, kuti apongozi awo asaone.

Tsono lero khate lachepa, koma malaya aja tikuvalabe. Tangosintha nthenda imene tikuiphimba.

Pano ndiyenera kuulula za m'banja mwathu, pakuti si bwino kuloza anzanga chala ngati kuti kwathu sikudagwe zotere. Amayi anga aang'ono, amene adandilera bambo anga atamwalira, adayamba kutaya magazi patapita zaka zingapo chilekere kusamba. Sadauze munthu. Adaganiza kuti ndi ukalamba, kenaka adaganiza kuti alodzedwa, nayamba kumwa zitsamba mobisa. Ine ndinkapita kukawaona mwezi uliwonse, nditanyamula shuga ndi sopo. Ndinkayang'ana chimbudzi chawo ngati chili ndi chivundikiro, ndinkafunsa ngati akugona m'neti, koma sindidawafunsepo za m'thupi mwawo, chifukwa mwana wamwamuna safunsa mayi ake zoterozo. Pamene fungo lidaulula chinsinsi, padali patapita zaka ziwiri. Adapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, itafalikira kale. Kutatsala mlungu umodzi kuti atisiye adandigwira dzanja nati: "Achimwene, ndinkaopa kukuchititsani manyazi, inu munthu wa kuchipatala." Dipuloma yanga ya zaukhondo idali pakhoma m'nyumba mwawo momwemo, pakuti ankainyadira.

Khansa imeneyi ndi imene ikupha amayi ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene nthendayi ndi yochuluka koposa pa dziko lonse lapansi. Chomvetsa chisoni n'chakuti ndi nthenda yoyenda pang'onopang'ono. Imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene kamafala pogonana, ndipo pamatha kupita zaka 10 kapena kuposerapo khansa yeniyeni isanayambe. Pa zaka zonsezo namwino akhoza kuona zizindikiro zake popaka viniga pa khomo la chiberekero, ntchito ya mphindi zochepa chabe, ndipo malo oyamba kuwonongekawo amawachiza mayi n'kubwerera kwawo. Kuyambira m'chaka cha 2019 Boma lidayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Amayi, mukaona magazi mutatha kukhala malo amodzi ndi bambo, kapena pakati pa mwezi, kapena mutaleka kale kusamba, kapenanso chikazi chonunkha chosatha, musadikire kuti chipweteke. Ululu umabwera kumapeto.

Nanga n'chifukwa ninji timakhala chete? Manyazi ndi chifukwa chimodzi, koma pali zinanso. Kwathu kuno mayi sanyamuka yekha kupita kuchipatala chachikulu. Amadikira bambo abwere kuchokera kunyanja, bambo nawo amati tiyambe tauza amalume, eni mbumba, amalume nawo ali ku Lilongwe kapena ku Joni. Mwambo wolemekeza eni mbumba ndi wabwino, ndipo ine sindikuunyoza. Koma mwambowu udakhazikitsidwa kuti mbumba isungike, osati kuti ithe. Masiku ano foni ili m'mudzi uliwonse. Amalume auzidwe wodwala ali kale panjira. Kolera amene adavuta dziko lino m'chaka cha 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700, ndipo nthenda imeneyo ikhoza kumaliza munthu wamphamvu pa maola ochepa. Ndidaika nawo m'manda mnyamata amene adayamba kutsekula m'mimba usiku, a m'banja nadikira kuti kuche kuti akagogode kaye kwa akuluakulu.

China ndi chakuti timafulumira kutchula dzina la nthenda tisanayezetse. Munthu akamatsokomola ndi kuonda timati ndi tsempho kapena mdulo, tiyamba kufufuza amene adathira mchere m'ndiwo ali wosayenera, banja n'kugawikana. Pamene tikuzenga mlanduwo, chifuwa chachikulu chikudya mapapo, ndiponso chikulowa mwa ana ogona m'chipinda chomwecho. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, makamaka ngati pali kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, kaperekeni makhololo akayezedwe. Mankhwala ake ndi a miyezi 6, ndipo ndi aulere. Chimodzimodzinso mwana kapena bambo wokodza magazi atakhalitsa m'minda ya mpunga ya ku Bwanje kapena m'madzi a m'mbali mwa nyanja: limenelo ndi likodzo, si chizindikiro cha kukula, ndipo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi impso.

Za kachilombo ka HIV ndinene mwachidule, poti mwazimva kambirimbiri. Mankhwala a ARV akhala akuperekedwa mwaulere kuyambira m'chaka cha 2004, ndipo anthu ambiri amene adayamba kumwa nthawi imeneyo lero ali ndi zidzukulu. Komabe ndidakhalapo pamphasa ya bambo amene ankabisa botolo lake kudenga la khola la mbuzi, namamwa mwa apo ndi apo, kuopa kuti mkazi wake angaone. Chimene chinkamuliza pomwalira si imfa yake, koma kuti mayiyo adakhala zaka zinayi osayezetsa, osadziwa kanthu.

Mwina wina pabenchipo akuti: "Abambo inu mukulankhula bwino, koma kodi mukudziwa mtengo wa njinga yamoto kuchokera kumudzi kwathu? Kodi mudakwerapo msewu wa Khwekhwerere ndi wodwala kupita ku Dedza?" Ndikudziwa, ndipo sindikutsutsa. Umphawi ndi mtunda zimapha anthu. Ndivomerezenso kuti ife ogwira ntchito zaumoyo tili ndi gawo lathu pa mlanduwu. Alipo pakati pathu amene amakalipira wodwala pa gulu, amene amalemba mankhwala munthu asanamalize kufotokoza, ndipo nthawi zina mumayenda mtunda wonsewo n'kuuzidwa kuti mankhwala atha. Munthu wokalipiridwa kamodzi sadzaululanso za kumalo obisika. Anzanga a yunifolomu, zimenezi tizileke. Koma kwa inu abale ndinena kuti nthenda yonenedwa msanga ndiyo yotchipa. Kachigamba, chifuwa cha milungu iwiri, kachotupa ka m'bere, zimenezi munthu amapita nazo ndi miyendo yake pa chipatala chaching'ono cha pafupi, mwinanso kungoyamba wauza mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu momwemo. Nthenda yobisidwa ndiyo imadzafuna galimoto yahayala, mbuzi kugulitsidwa, ndi mlezi kusiya munda miyezi itatu.

Palinso kukhala chete kwa mtundu wina kumene odwala amadandaula nako, ndiko kusanena za mawa la ana awo. Timaopa kuti kutchula imfa ndiko kuiitana, ndipo wodwala akayamba kulongosola za munda ndi njinga timamuletsa kuti, "Musalaule, muchira." Iye amakhala chete kutikondweretsa, ife timakhala chete kumukondweretsa, mpaka tsiku limene lilime lalemera. Pambuyo pake mkangano umabuka maliro asanaikidwe n'komwe, ndipo amasiye amatsala ndi mphasa yokha. Lamulo la dziko lino la m'chaka cha 2011 lokhudza chuma cha masiye likuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, ndipo munthu aliyense wamkulu akhoza kulemba chikalata chonena m'mene katundu wake adzagawidwire, n'kusainira pamaso pa mboni ziwiri. Sichilira kuti mukhale wolemera kapena wodwala. Ine ndidalemba changa ndili ndi zaka 40, ndipo mpaka lero ndikupalasa njinga.

Ndipo ngati nthenda yafika posachizika, wodwala asauzidwe kuti palibenso chochita. Ululu uli ndi mankhwala ake. M'zipatala muli chisamaliro chapadera cha odwala otere, kuphatikizapo mankhwala amadzi otchedwa morphine amene amaziziritsa ululu waukulu, ndipo kwa anansi athu ku Salima kuli malo otchedwa Ndi Moyo, amene adayambitsidwa ndi namwino Mayi Lucy Finch kaamba ka ntchito yomweyi. Koma nawonso ululu uyenera kunenedwa. Amuna ambiri amaluma mano namati ndili bwino, poganiza kuti kubuula ndi kwa akazi. Amayi anga aang'ono atalandira mankhwala amenewa adagona tulo kwa nthawi yoyamba pa miyezi ingapo, ndipo ndi m'masiku amenewo m'mene adatha kuitana ana awo mmodzimmodzi, kukhululukirana ndi mchemwali wawo amene sadalankhulane naye zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha malire a dimba, ndi kunena kumene akufuna kukagona.

Tsono dzina lanu likaitanidwa lero, mukalowe ndi nkhani yonse. Ambiri mumanena za mutu ndi msana, mumalandira panado, n'kutuluka ndi chimene chidakubweretsani chikadali m'kati mwa chitenje kapena malaya. Yambani ndi chimene chikukuchititsani manyazicho. Ngati m'chipindamo muli anthu ena, pemphani kuti atuluke, ndi ufulu wanu. Ngati ndinu mayi ndipo mukuona kuti simungamasuke pamaso pa bambo, pemphani namwino wamkazi. Nenani tsiku limene chidayamba, osachepetsa, ndipo ngati mudamwako zitsamba nenaninso, pakuti dokotala afunika kudziwa.

Titatha kumeta maliro a amayi anga aang'ono, ndidasonkhanitsa alongo anga atatu pakhonde, ndipo ine mwana wamwamuna ndidatchula mawu amene mwambo sundilola kutchula pamaso pawo. Wamkulu adaphimba kumaso ndi chitenje, wamng'ono adathawira kukhitchini. Mlungu wotsatira onse atatu adapita kukayezetsa, ndipo mmodzi adapezeka ndi zizindikiro zoyamba, nathandizidwa tsiku lomwelo. Chaka chino wakolola matumba 14 a mpunga.