Vinyo wa ku Cape Town ndi Manyazi a Lilime

Pakati pa mabanja opeza bwino a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka pakukula chizolowezi chokonza tchuthi cha kumapeto kwa chaka motsata zakudya ndi vinyo. Amodzi mwa malo okondedwa ndi Sea Point, dera la m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic mumzinda wa Cape Town. Banja limapeza pogona pafupi ndi Beach Road, m'mawa limawongola miyendo m'mbali mwa nyanja, masana limayendera minda ya mphesa ya ku Constantia, Stellenbosch kapena Franschhoek, ndipo madzulo limadya m'malesitilanti a mu Regent Road ndi Main Road. Kupuma kulibe mlandu, pakuti wogwira ntchito chaka chonse ayenera kudya thukuta lake. Mlandu uli pa kakonzedwe ka ulendowu. Makolo amaloweza mayina a Chifalansa a mitundu ya mphesa ngati ophunzira oyembekezera mayeso, koma mbiri ya manja amene adalima mphesazo, pamodzi ndi chiyankhulo chawo chomwe, amazisiya pabwalo la ndege.

Mbiriyo ndi yodziwika bwino. Jan van Riebeeck adalemba kuti vinyo woyamba wa kuderali adafinyidwa pa 2 February 1659. Simon van der Stel adakhazikitsa munda wa Constantia mu 1685, ndipo mu 1688 kudafika Afalansa othawa nkhanza za chipembedzo amene adapatsa Franschhoek dzina lake. Mayina atatuwa amapezeka m'timabuku tonse tokopa alendo. Chimene timabukuto timachitchula modumphira ndi chakuti ntchito yolima, kukolola ndi kuponda mphesa inkagwiridwa ndi akapolo. Pakati pa 1652 ndi 1808 akapolo pafupifupi 63,000 adatsitsidwa padoko la Cape Town kuchokera ku India, ku zilumba za Indonesia, ku Madagascar ndi ku gombe la Mozambique. Ukapolo udathetsedwa pa 1 December 1834, koma omasulidwawo adakakamizidwa kutumikirabe ambuye awo mpaka 1838. Pambuyo pake eni minda adapitiriza kulipira antchito gawo lina la malipiro ndi vinyo, mchitidwe wotchedwa dop, umene udapitirira m'minda ina mpaka zaka za m'ma 1990 ngakhale malamulo adali ataletsa kale. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns adanyanyala ntchito pokana malipiro a marandi 69 patsiku. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa munthu woyankhula Chichewa kapena Chinyanja mbiriyi imafika pakhomo. Pa 27 December 1794 sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José idasweka pamiyala ya ku Clifton, mtunda wosakwana ola limodzi wapansi kuchokera ku Sea Point. Idanyamuka pachilumba cha Mozambique itanyamula akapolo oposa 400 opita ku Brazil. Oposa 200 adamira, ndipo opulumuka adagulitsidwa ku Cape Town komweko. M'zaka zimenezo njira za malonda zothera pachilumba cha Mozambique zinkalowa mpaka m'maiko a Amakua, Ayao ndi Amaravi. Zotsala za sitimayi zidalengezedwa kudziko mu 2015. Ku Sea Point kwenikweniko, mabanja a mu Tramway Road adasamutsidwa mokakamiza pakati pa 1959 ndi 1961, boma la tsankho litalamula kuti deralo likhale la azungu okha. Banja limene limawerenga za mitengo ya vinyo kwa miyezi itatu, koma osapatula ola limodzi lofotokozera ana zimenezi, limawaphunzitsa kudya osafunsa amene waphika.

Zakudya za kuderali nazo zimachitira umboni. Mawu monga bobotie, sosatie, atjar ndi blatjang, amene mlendo amawawerenga pamndandanda wa zakudya, adalowa m'Chiafrikaans kudzera m'makhitchini momwe munkaphika akapolo ochokera kummawa. Chiafrikaans chomwecho chidanyozedwa kwa nthawi yaitali kuti ndi chiyankhulo cha kukhitchini. Ena mwa oyamba kuchilemba adali Asilamu a ku Cape Town, amene adagwiritsa ntchito zilembo za Chiarabu. Mu 1925 chidavomerezedwa kukhala chiyankhulo cha boma, ndipo m'nyengo yomweyo Abraham Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch adakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa n'kupanga Pinotage. Njira imene chiyankhulochi chidakwezedwera idadetsedwa ndi tsankho, ndipo palibe angaisirire. Komabe phunziro lake ndi loonekeratu: chiyankhulo chimafika pamene eni ake achifikitsa.

Nanga Chichewa? Chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko la Malawi mu 1968, chidapatsidwa bungwe lochiyang'anira mu 1972, ndipo mu 2000 a Centre for Language Studies adasindikiza Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ngakhale zili choncho, ophunzira ambiri amalimbikira kunena kuti nkhani za vinyo sizingakambidwe m'Chichewa chifukwa mawu ake kulibe. Ili ndi bodza la ulesi. Liwu lakuti vinyo lidabwerekedwa ku Chipwitikizi kalekale, limodzi ndi mbatata, nsapato ndi kachasu, ndipo lidakhazikika m'Baibulo ndi m'matchalitchi. Chichewa chimasiyanitsa kutsekemera, kuwawasa, kuwawa ndi khambi la nthochi yosapsa, limene ndi lomwe lija vinyo wofiira amasiya m'kamwa. Mayi wofulula mowa wamasese amadziwa pamene chimera chakwanira, pamene mowa wayamba kuwira, pamene wapsa ndi pamene wasasa. Luso lake silichepera pa la wolawa vinyo wa ku Stellenbosch. Chimene chikusowa ndi kulimba mtima kwa anthu ophunzira, amene amaona ngati kukoma kwa chinthu kumachepa chikatchulidwa m'chiyankhulo cha amayi awo.

Manyaziwa amaonekera poyera pathebulo. M'malesitilanti, m'mahotela ndi m'nyumba za ku Sea Point mumagwira ntchito anthu ambiri ochokera ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku Congo. Woperekera zakudya wochokera ku Mangochi kapena ku Mzimba amazindikira anthu akwawo asanatsegule pakamwa. Makolo akewo adapita ku migodi ya Joni kudzera ku Wenela ndi Theba. Iye watsata njira yomweyo mpaka kumapeto kwa dziko. Koma mabanja ena akamumva katchulidwe kake amaumitsa Chingerezi, ndipo mwana akayamba kuyankhula Chichewa amamutsina. Moni wa "Muli bwanji, achimwene?" amauona ngati ungawatsitse pampando umene aulipirira ndalama zambiri. Mwanayo amabwerera kwawo ataphunzira kuti Chichewa ndi cha wonyamula mbale, ndipo Chingerezi ndi cha wodya. Phunziro lotere limalimbikitsa zimene sukulu idayamba kale, pakuti kuyambira 2014 boma la Malawi lidalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuchokera mu Sitandade 1.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zoyenera kuyankhidwa. Yoyamba ndi yakuti tchuthi ndi nthawi yopuma, yosayenera kusandutsidwa maliro. Yankho ndi lakuti kudziwa sikuwononga chakudya. Mabanja omwewo amamvetsera mwachidwi nkhani ya Van der Stel ndi ya Afalansa aja. Mbiri imawalemera pokhapokha ikakhudza anthu ofanana nawo. Mfundo yachiwiri ndi yolemera kwambiri: m'dziko limene alendo adaphedwa ndi kuthamangitsidwa mu 2008 ndi 2015, wantchito angafune kubisa kumene adachokera. Izi ndi zoona, ndipo ulemu umafuna kuti mlendo apereke moni motsitsa mawu, n'kumusiya wantchitoyo asankhe chiyankhulo choyankhira. Koma chisankhocho chikhale cha wantchito amene ali pachiopsezo. Mlendo wokhala ndi tikiti yobwerera m'thumba asabise kunyada kwake kuseri kwa mantha a mnzake.

Choncho banja lokonza ulendo wa ku Sea Point liike pandandanda wake nyumba yosungira mbiri ya Slave Lodge ndi misewu ya Bo-Kaap tsiku la ku Groot Constantia lisanafike. Liime pa Clifton ndi kuuza ana za São José. Lifunse eni minda za malipiro ndi nyumba za antchito awo monga momwe limafunsira za chaka chimene mphesa zidakololedwa. Liyese kufotokoza kukoma kwa Pinotage ndi nsomba ya snoek m'Chichewa, poyerekeza ndi chambo, thobwa ndi bwemba zimene lilime lidazolowera. Aphunzitsi a ziyankhulo m'mayunivesite a Malawi, Zambia ndi Mozambique nawo ali ndi ngongole: mawu a ofulula mowa, ophika ndi asodzi akudikira kusonkhanitsidwa ndi kulembedwa eni ake akadali moyo.